Kagalimoto ka 4x4 kotchipa: ndisankhe kati, ndipo ndiyang'ane chiyani?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndikufuna kugula kagalimoto kakang'ono ka 4x4 kogwirapo kale ntchito, koma ndalama zanga n'zochepa. Msewu womwe ndimadutsamo kawirikawiri ndi wafumbi, uli ndi zitunda, ndipo mvula ikagwa umasanduka matope okhaokha. Mlungu uliwonse ndimayendanso ulendo wautali pa tala. Ndaona Suzuki Jimny, Daihatsu Terios ndi Mitsubishi Pajero iO pa mtengo wofanana. Jimny ina ndi yokwezedwa, ili ndi matayala akuluakulu ndipo ikuoneka bwino zedi. Ndisankhe iti?"

Zikomo bambo pofunsa ndalama zikadali m'thumba. Ndiyankha motalikirapo, koma mfundo yanga ndi imodzi: kagalimoto kotere munthu amagula atagona pansi pake, osati ataima chapatali n'kumasirira penti. Mtundu wa galimoto uli ndi gawo lake ndithu, koma Jimny yodyeka chasisi singafanane ndi Terios yosamalidwa bwino, ngakhale Jimny itatchuka bwanji.

Magalimoto atatuwo onse amalembedwa 4WD, kutanthauza kuti amakoka ndi matayala onse anayi, koma kapangidwe kake n'kosiyana. Chowasiyanitsa chachikulu ndi giya yotsitsa liwiro, ija amakaniko amati low range, yolembedwa 4L. Imakhala mu transfer case, kabokosi kachiwiri ka magiya kamene kali kuseri kwa giyabokosi, komwe kamagawa mphamvu pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo. Mukailowetsa, galimoto imakwawa pang'onopang'ono injini ikuzungulira mokwanira, ndipo pa Jimny mphamvu yofika kumatayala imawirikiza pafupifupi kawiri. Kwa injini yaing'ono ya malita 1.3, nkhani yagona pamenepo. Galimoto yopanda 4L ikafika pa chitunda cha miyala, woyendetsa amakakamizika kuthamangira kapena kuotcha kilachi, ndipo potsika amangodalira mabuleki.

Jimny ili nayo giya imeneyi. Banja lake linayamba mu 1970, kenako kunabwera SJ410 mu 1981 ndi SJ413 yomwe ena amaidziwa ndi dzina loti Samurai. Imene imapezeka pa mtengo wotsika masiku ano kawirikawiri ndi ija inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2018. Thupi lake limamangidwa ndi mabawuti pa chasisi chapadera, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa, ndipo maekiselo onse awiri ndi athunthu, olimba. Kulemera kwake kumangopitirira pang'ono tani imodzi. Kupepukako ndiko kumaipulumutsa: pamene zigalimoto zikuluzikulu zimatitimira, iyo imadutsa pamwamba. Koma popeza mwatchula ulendo wautali wa pa tala, ndikuuzeni chilungamo. Kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo pali mamilimita 2,250 okha, choncho imadumphadumpha, mphepo yam'mbali imaikankha, ndipo mukathamanga phokoso limachuluka. Thanki yake ndi ya malita 40. Kumbuyo kukakhala anthu awiri, malo a katundu amatsala ochepetsetsa. Ndi yaitali komanso yopapatiza, sifuna kukhotetsedwa mwadzidzidzi pa liwiro.

Musamalenso ndi injini. Ku Japan Jimny yomweyi inkagulitsidwa mitundu iwiri. Ina, yomwe nambala yake ya chasisi imayamba ndi JB23, ili ndi injini ya 660cc ya turbo, chifukwa ili m'gulu la timagalimoto ta kei tomwe malamulo a kumeneko salola kuti injini yake ipitirire pamenepo. Inayo ndi ya malita 1.3: JB33 yokhala ndi lamba wa taiming'i, ndi JB43 yokhala ndi injini ya M13A ya tcheni. Ya 660cc m'matope imachita bwino, koma pa tala injini imalira pamwamba ulendo wonse, ndipo turbo yake sikhululuka ngati mwini wakale ankazengereza kusintha oyilo. Kwa inu, ya 1.3 ndiyo yoyenera. Chenjezo lomweli likhudzanso Pajero Mini, yomwe ndi ya 660cc, musaisokoneze ndi Pajero iO.

Terios inayamba mu 1997 ndi injini ya 1.3, ndipo mu 2006 kunabwera yokulirapo ya 1.5. Toyota inkagulitsanso magalimoto omwewa ndi mayina oti Cami ndi Rush. Ili ndi zitseko zisanu ndi malo okwanira banja laling'ono. Matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, ndipo pali batani lokiya difu yapakati pakaterera (difu ndi kabokosi ka magiya kolola matayala kuzungulira pa liwiro losiyana). Ilibe 4L. Pa msewu wafumbi ndi matope osazama kwambiri imakwanira, makamaka ikavala matayala abwino. Koma dziwani kuti zina zinapangidwa zokoka ndi matayala akumbuyo okha, thupi lili lomwelo. Musakhulupirire chomata cha pa chitseko chakumbuyo. Suzumirani pansi kutsogolo: muone difu ndi mashafiti awiri opita kumatayala. Ngati palibe, si 4x4.

Pajero iO, yomwe inkapangidwa ku Japan kuyambira 1998 mpaka 2007 ndipo ku Ulaya ankaitcha Pinin, ikanakhala yoposa zinzake ziwirizo. Zambiri zili ndi dongosolo la Super Select, loti mukhoza kuyenda ndi matayala awiri, kapena anayi ngakhale pa tala, kapena kukiya pakati, kapena kutsitsa liwiro. Chimandikayikitsa ndi injini ya GDI yomwe zambiri zili nayo. Injini imeneyi imapopera petulo mwachindunji mu silinda pogwiritsa ntchito pampu yamphamvu kwambiri. Popeza petulo sadutsa pa mavavu olowetsa mpweya kuti awatsuke, mwaye umaunjikana pamenepo, injini n'kuyamba kunjenjemera ikaima ndi kuchepa mphamvu. Imadananso ndi petulo wosayera, ndipo pampu ija ikafa imadula. Ngati kwanu kulibe makaniko woidziwa bwino GDI, isiyeni. Mukapeza iO ya injini wamba, imeneyo muiganizire mofatsa.

Pali inanso yomwe simunaitchule koma ndikanakonda muifunefune: Suzuki Vitara, yomwe ku Japan amati Escudo, yoyamba mu 1988 ndi injini ya 1.6. Ili ndi chasisi chapadera ndi 4L ngati Jimny, koma pa tala imakhazikika bwinoko. Toyota RAV4 ndi Honda CR-V ndi zabwino pa fumbi, koma zilibe 4L ndipo sizinapangidwire miyala.

Ndiye ganizirani malo oipitsitsa a msewu wanu, osati msewu wonse. Ngati pali chitunda chotsetsereka kwambiri, cha miyala kapena chokumbika ndi madzi, tengani Jimny ya 1.3 kapena Escudo. Ngati vuto ndi kuterera chabe ndipo mumanyamula anthu ndi katundu, Terios ikutumikirani bwino ndipo simudzatopa nayo pa ulendo wautali.

Tsopano tsiku lokaona galimoto. Pitani masana, galimoto ikhale youma, ndipo muuziretu wogulitsa kuti asalize injini musanafike. Tengani tochi, kanyundo, jeke, katoni yogonapo, ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa.

Yambani ndi chasisi. Gonani chagada, muunike, muzigogoda ndi kanyundo kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwe. Chodyeka mkati chimamveka kuti phu, ndipo timakoko ta dzimbiri timakugwerani kumaso. Gogodani kwambiri pamene pamangiriridwa mikono ya maekiselo, pokhala masipuling'i, pomangira thupi ku chasisi, ndi pa chitsulo chopingasa chakumbuyo. M'mbali mwa chasisi muli mabowo. Pisani chala. Mukatulutsa dothi lonyowa, dziwani kuti matope akhala m'menemo nthawi yaitali akusunga chinyezi, ndipo dzimbiri limayambira mkati kutuluka kunja. Pa Jimny vundukulaninso kapeti wa kubuti ndi pansi pa mipando yakumbuyo, ndipo muunike kuseri kwa nyali zakutsogolo, chifukwa ndi malo omwe imakonda kuboka. Dzimbiri lapamwamba, lofiirira, loti mukapala pansi pake pali chitsulo cholimba, lisakuopseni. Koma pamene kanyundo kaboola, kapena pomwe chitsulo chafufuma n'kugawikana, tembenukani muzipita, ngakhale mtengo atautsitsa bwanji. Injini imasinthidwa, giyabokosi imasinthidwa, koma galimoto yothyoka pomangira ekiselo imapha anthu. Penti wakuda wonyezimira amene wangopakidwa kumene pansi pa galimoto yakale akuchenjezeni. Gogodani pamenepo kawiri. Galimoto zochokera kumayiko ozizira komwe amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, ndi zokhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndizo zimadyeka kwambiri.

Muli pansi pomwepo, galimoto ikuuzani moyo womwe yakhala. Difu yophwanyika pansi, chitsulo chotchingira thanki chopindika, zipsera zazitali pa chasisi, malo owotcherera omwe sakufanana ndi a kufakitale: zonsezi wogulitsa sangazibise ndi sopo.

Kenako kwezani tayala lakutsogolo ndi jeke. Gwirani pamwamba ndi pansi, mugwedeze mokankha ndi kukoka. Mukamva kuti khu khu, uzani mnzanu aponde buleki, mugwedezenso. Kugwedera kukatha, vuto ndi belingi ya wilo. Kukapitirira, ndi mabelingi a kingpin, aja amalola tayala kukhota pa ekiselo yathunthu. Ili ndi tenda lodziwika la Jimny ndi SJ, chifukwa madzi ndi matope zimalowa m'menemo. Yang'ananinso chitsulo chobulungira chomwe chili kumapeto kwa ekiselo, kuseri kwa tayala. Chiyenera kukhala ndi kagirisi pang'ono chabe. Chikamadontha phala lakuda, ndiye kuti silo ya mkati yatha ndipo oyilo wa difu akusakanikirana ndi girisi. Mabelingi a kingpin akatha, pamodzi ndi mabushi otopa kapena matayala osalinganizidwa, amabweretsa kunjenjemera koopsa kwa chiwongolero, kawirikawiri pa liwiro la makilomita 70 mpaka 90 pa ola mukangogunda kabampu. Choncho poyesa galimoto musangozungulira pafupi. Fikani pa liwiro limenelo. Vutoli ndi lokonzeka, si chifukwa chothawira galimoto. Ndi chifukwa chotsitsira mtengo.

Za 4WD, nyali ya pa dashibodi si umboni. Pa Jimny ya 1998 mpaka 2018, mahabu akutsogolo, omwe amalumikiza matayala ku mashafiti, amakiyidwa ndi vakyumu (mphamvu yokoka mpweya) yochokera ku injini kudzera m'timapaipi. Timapaipi timeneti tikang'ambika, transfer case imatumiza mphamvu kutsogolo koma matayala sailandira, inu n'kumaganiza kuti muli mu 4x4 kufikira tsiku lotitimira. Pitani nayo pa dothi lotayirira kapena pa udzu. Lowetsani 4H (kukoka ndi matayala onse anayi osatsitsa liwiro), mnzanu aime pambali, munyamuke mwamphamvu pang'ono, iye aone ngati matayala akutsogolo akukumba nawo. Mukhozanso kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'onopang'ono: ikagwiradi, mumva galimoto ikuuma ndi matayala akukhulana ndi dothi. Kenako imani, pondani kilachi, lowetsani 4L. Iyenera kukwawa, ndipo isatuluke yokha mukamaponda ndi kusiya mafuta. Jimny zoyambirira zili ndi kandodo kachiwiri pafupi ndi ka magiya, ndipo kuyambira cha mu 2005 anaika mabatani; zamabatani muziyese kangapo, chifukwa kamota kake kamauma kakakhalitsa osagwira ntchito. Ndiye wogulitsa akamadzitama kuti "4x4 sindinaigwiritsepo ntchito," musasangalale msanga.

Mufunseninso ngati ankayenda mu 4H pa tala nyengo ya mvula. Jimny ndi Escudo yakale zilibe difu yapakati. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo kuposa akumbuyo, ndipo pa dothi kusiyanako kumatha chifukwa tayala limaterereka pang'ono. Pa tala wouma silingaterereke, choncho mphamvu yonse imapotokola mashafiti ndi tcheni la mu transfer case mpaka china chake chitatha.

Pemphani chilolezo chomasula bawuti yothirira oyilo pa difu iliyonse, mupise chala. Oyilo wabwino ndi wabulauni kapena wakuda pang'ono. Akakhala woyererako ngati tiyi wamkaka, madzi analowa. Zimachitika ekiselo yotentha ikamira mwadzidzidzi m'madzi ozizira: mpweya wa mkati umafota n'kukoka madzi kudzera pa kabowo kopumira. Mukaona tizitsulo tonyezimira pa chala, magiya ayamba kudyana. Pa msewu mvetserani kulira kwa kumbuyo komwe kumasintha mukaponda kapena kusiya mafuta.

Injini ndiinena mwachidule chifukwa makaniko wanu akuidziwa. Igwireni kaye mutsimikize kuti ndi yozizira, ndiyeno muilize. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wosatha injini itatentha ndi madzi. Pansi pa chitsekero cha oyilo pasakhale phala loyera, ndipo mu radiyeta musatuluke thovu injini ikulira. Magalimoto oyenda m'matope amakonda kutenthetsa chifukwa radiyeta imatsekeka ndi dothi kunja, ndipo hedi ya aluminiyamu ikatenthedwa kwambiri imapindika. Kwerani nayo chitunda chachitali diso lili pa geji ya kutentha. Kilachi muiyese poika giya yapamwamba pa liwiro lochepa n'kuponda mafuta mpaka pansi. Injini ikakwera mawu liwiro osakwera, yatha. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndi odyeka mofanana, makamaka pa Terios yomwe imakoka ndi onse nthawi zonse. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2318 akutanthauza mlungu wa 23 wa chaka cha 2018. Tayala lokalamba limang'ambika ngakhale mapanga ake akadali ozama.

Tibwere ku yokwezedwa ija. Ndikumvetsa chifukwa chake yakukopani, koma ine ndingaiike kumapeto. Kukweza galimoto ya maekiselo athunthu kumasintha kapendekedwe ka kingpin, kamene kamathandiza chiwongolero kubwerera pakati, choncho galimoto imayamba kuyendayenda mu msewu ndipo kunjenjemera kuja kumabwera msanga. Mashafiti amagwira ntchito atapindika kwambiri, majoini ake n'kumatha. Kulemera kumakwera m'mwamba pa galimoto yomwe ndi yaitali kale, ndipo kugubuduzika kumayandikira. Matayala akuluakulu nawo amalemetsa magiya onse: injini ya 1.3 imalephera kukoka giya yachisanu, mafuta amapita ambiri, kilachi ndi mabelingi zimatha msanga, mabuleki amachepa mphamvu. Geji ya liwiro imaonetsa pansi, ndipo makilomita owerengedwa amakhala ochepa kuposa omwe galimoto yayendadi. Kuwonjezera apo, munthu sakweza galimoto kuti aziyenda nayo pa tala. Ngati ilinso ndi paipi yokokera mpweya pamwamba pa denga, yakhala ikuwoloka madzi akuya, ndiye oyilo wa madifu ndi mawaya a pansi pa kapeti muwaone bwino. Sindikunena kuti yokwezedwa iliyonse ndi yoipa. Ilipo yochitidwa mwaluso, yokonzedwa kapendekedwe ka kingpin, yotalikitsidwa mapaipi a mabuleki, mwini wake ali ndi malisiti a zonse. Koma yotero sikhala pa mtengo umodzi ndi zosasinthidwa. Munthu akawonongerapo ndalama zambiri n'kumagulitsa motchipa, pali chimene akuchithawa. Kampani ya inshuwalansi nayo iyenera kuuzidwa za kusinthako, apo ayi ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika.

Mapepala musawapeputse. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo ifanane ndi ya m'zikalata, ndipo pamalopo pasaoneke kupala kapena kuwotcherera. Dzina la wogulitsa likhale la mwini wolembedwa, ndipo mutsimikize kuti galimoto si chikole cha ngongole. Makilomita a pa dashibodi muwayerekeze ndi kutha kwa mapedulo, chiwongolero ndi mpando wa woyendetsa.

Pa ndalama, malangizo anga ndi oti musathere zonse pogula. Sungani gawo limodzi mwa magawo anayi. Musanalipire, zungulirani kwa ogulitsa masipeya mufunse mtengo ndi kupezeka kwa mabelingi a kingpin, kilachi, radiyeta ndi mashokabuzoba a mtundu womwe mwasankha. Ngati aliyense akuti mpaka aitanitse, ganizaninso. Mlungu woyamba sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa transfer case ndi wa madifu onse awiri, madzi a mabuleki ndi a radiyeta, ndi lamba wa taiming'i ngati injini ndi ya lamba ndipo palibe umboni wa tsiku lomwe anasinthidwa. Tsukani mkati mwa chasisi ndi madzi amphamvu mpaka atuluke oyera. Ndalama zikatsalako, gulani matayala anayi a mapanga apakatikati, oyenda pa tala ndi pa dothi, a saizi yomwe opanga analemba pa galimotoyo. Amenewo akuthandizani m'matope kuposa kukweza. Ndipo kamodzi pa mwezi, ngakhale nyengo yadzuwa, lowetsani 4H ndi 4L pa dothi muyende mamita ochepa, kuti mahabu ndi transfer case zisaume.